A Tidzaona ndi Chimanga Chawo cha Kutsindwi

Amene anayamba kundiuza anali amake Tiyamike, mnzanga wa mumvano amene amagulitsa tomato pa Songani. Anandipeza kudimba m'mawa wa Lachiwiri ndikuthirira mpiru, iwo dengu lili pamutu, ndipo sanalitule n'komwe.

"Amake Dalitso, siyani kaye zothirirazo. A Likaka atisiya."

"Liti?"

"Kukucha kumene. Akuti anangoti chifuwa, chifuwa, basi."

Mulungu andikhululukire, chifukwa chimene chinayamba kubwera m'mutu mwanga silinali pemphero, kapena akazi awo, amake Estere, amene atsala okha. Ndinaganiza za chimanga cha mbewu chimene chinkalendewera kutsindwi kwa khitchini yawo. Ndinati mumtima, nanga chija asunga ndani tsopano? Umo munali mu Okutobala chaka chatha, cha 1998. Tsopano chaka chakwana, ndiye ndati ndilembe zimene ndikukumbuka, mmene ndingathere ndi sukulu yanga yochepayi.

Kwa inu amene simunawadziwe, a Yohane Likaka ankakhala kumtunda kwa mudzi wathu, nyumba yomaliza musanayambe kukwera phiri la Malosa. Munda wawo unali pawokha, mbali ina nsungwi, mbali ina miyala. Anali aafupi, owonda, ndipo jekete yakuda imene anabwera nayo ku Joni sinkachoka m'thupi ngakhale kutenthe bwanji. Dzina loti Likaka linkamveka kutchalitchi kokha. Ife tonse tinkati a Tidzaona, chifukwa chilichonse chatsopano chikafika, iwo ankangoti tidzaona chaka chachiwiri. Abusa atsopano, tidzaona chaka chachiwiri. Mkamwini watsopano, chimodzimodzi. Ngakhale matipate atabwera, anthu akuvina mumsewu wa ku Liwonde, iwo anati zipani zili ngati mbewu ya m'pepala, chaka choyamba zimabereka zonse.

Akakumana ndi thumba la chimanga paliponse, kaya pamsika, kuchigayo, kapena pakhomo pa munthu, ankatapa njere imodzi n'kuiluma ndi mano a m'mbali. Ikaphwanyika msanga ngati choko ankalavula n'kunena kuti chimenecho alimira anankafumbwe. Ikalimba ankafunsa kuti mbewuyo munaitenga kwa yani, ndipo iyeyo anaitenga kwa yani. Mano awiri anathera pa ntchito imeneyi, koma sanasiye.

Matumba a thandizo ochokera kunja sankawagwiritsa ntchito asanapite nawo kwa aphunzitsi a ku Mishoni ya Domasi kuti awawerengere zonse zolembedwapo, mpaka timalemba ta m'munsi. Akawauza kuti palembedwa kuti iyi ndi mphatso yochokera kwa anthu a dziko lakutilakuti, ankafunsa ngati anthuwo akudziwa kuti atipatsa. Wayilesi ankamvera ndithu, mabatire atayamba awayanika padzuwa. Akamva kuti akuluakulu a mayiko akumana kutsidya kwa nyanja kukambirana za njala, ankafunsa akazi awo ngati pamsonkhanopo panali ngakhale mmodzi wa matuza m'manja.

"Pitani inuyo mukawaonetse anuwo," amake Estere ankayankha choncho. "Ine mundisiye ndipete."

Mbewu yawo inali ya makolo, yoyera, yolimba, njere zina zofiirira apo ndi apo. Ankati anaitenga kwa amayi awo, amayi awonso kwa amayi awo. Pokolola ankayenda okha m'munda kusankha zimanga zazikulu zotsekeka bwino kumutu, osasenda makoko. Ankazimanga ziwiriziwiri ndi luzi n'kuzipachika kutsindwi, pamwamba penipeni pa mafuwa, kuti utsi uzizifukiza chaka chonse mpaka zide ndi mwaye. Nkhuni za bulugama ankazikana m'khitchini imeneyo, ati utsi wake ndi wopepuka. Amake Estere ankadandaula kuti anakwatiwa ndi munthu amene amasankhira chimanga nkhuni, koma mkazi wake akatsokomola samva.

Wokangana naye wamkulu anali a Gondwe, mlangizi wa zaulimi, munthu wa kumpoto, waulemu, woyenda pa njinga atavala tayi. A Gondwe ankatiphunzitsa za chimanga cha makono ndi feteleza. Ndinene chilungamo pamaso pa Mulungu, chimanga cha makonocho chinatidyetsa. Zaka zabwino nkhokwe inkadzaza pa kamunda kakang'ono, ndipo ana anga anakula nacho. A Likaka sankatsutsa zimenezo. Chimene ankanena n'choti mbewu imene sungaibzale kawiri si yako, wangoibwereka, ndipo mwini wake sumudziwa nkhope. Ankatinso tikonole tione, chifukwa cha makono chimathera madeya mumtondo pamene cha makolo chimatuluka mphale. Apa amayi tonse tinkavomereza, poti zinali zoona.

Feteleza atakwera mwadzidzidzi, titamva kuti amene amathandiza boma kunja alamula kuti lisiye kuchepetsera alimi mtengo, a Likaka anakumana ndi a Gondwe pa mlatho.

"Alangizi, amayi anu aja apaka tsabola kubere. Tiyamwa kuti?"

"Madala, si ine ndimakonza mitengo."

"Ndikudziwa. Inu mumangotinyamula kutipereka kubereko."

A Gondwe anaseka, koma anakwera njinga osatsanzika.

Kenako kunabwera mzungu wina. Chinali chaka chachiwiri kapena chachitatu matipate atayamba, nthawi yokolola itangotha. Galimoto yoyera inaima pansi pa mango a kusukulu, munatuluka a Gondwe ndi mayi wachizungu wa chipewa chachikulu, atanyamula timaenvulopu tambirimbiri. A Gondwe anatanthauzira kuti mayiko agwirizana zosonkhanitsa mbewu za makolo za kulikonse n'kuzisunga m'nyumba yozizira kwambiri, kuti chilala kapena matenda zikadzatha mbewu kwina, dziko lapansi lisadzasowe poyambira. Anati amva kuti kuno kuli bambo wina wosunga mbewu yakale, ndipo akupempha zimanga zochepa chabe.

Tonse tinatembenukira kumbuyo, kumene a Likaka anakhala pa muzu. Anaimirira pang'onopang'ono, n'kuvula chipewa, poti ulemu anali nawo.

"Alangizi, afunseni mayiwa. Nyumba yozizirayo ili kuti?"

A Gondwe anafunsa, n'kuyankha kuti ina ili konkuno kumalo a kafukufuku, koma yaikulu ili kunja.

"Kiyi wake amasunga ndani?"

"Akuti ndi ya mayiko onse, madala."

"Chinthu cha anthu onse chimakhala ndi mmodzi wogona ndi kiyi. Ameneyo ndiye ndikumufunsa."

Anthu anayamba kuseka. Mayi uja anafiira, koma anayankha mofatsa, ndipo a Gondwe anati akuti aliyense wofuna mbewuyo angathe kulemba kalata.

"Chabwino. Afunseninso. Amatibweretsera mbewu yofa chaka chimodzi, lero akufuna kutenga yosafa. Ikakafika kumeneko akaikwatitsa ndi yawo, mwana wake adzabwera kuno m'pepala. Adzabwera ndi dzina la amayi anga, kapena ndi nambala?"

Apa a Gondwe anachedwa kutanthauzira, ndipo mayi uja anachedwanso kuyankha. Pomaliza anati sangalonjeze chimene sakuchidziwa. A Likaka anagwedeza mutu, anati yankho limenelo ndi loyamba loona limene analimva kuchokera m'galimoto yoyera. Anawathokoza, anavala chipewa, koma chimanga anakana. Tinaomba m'manja mpaka mbalame zinathawa mu mango. Mayi uja anapita ndi nandolo ndi mapira a anthu ena.

Kuti mumvetse chifukwa chimene tinaombera m'manja, ndibwerere ku chilala cha 1992, chifukwa chaka chimenecho anthu omwewa tinkawanena a Likaka kuti ndi mfiti.

Mvula inadula chimanga chikumasula. Mtsinje wa Domasi unatsala timadziwe. Pofika mwezi wa Ogasiti tinali tikudya mango aawisi owiritsa ndi mitsitsi ya nthochi, ndipo aliyense anali atadya kale mbewu yake. Ndiye kunabwera chimanga chachikasu cha thandizo. Tinkachilandira pabwalo la sukulu, mayina akuitanidwa. Ndikuthokoza Mulungu ndi anthu amene anachitumiza, kaya ndi ndani, chifukwa popanda chimenecho manda a kwathu akanadzaza. Koma chinkabwera mwa apo ndi apo, ndipo pakati pake pankakhala masabata a njala yeniyeni.

M'masabata amenewo aliyense ankadziwa kuti kutsindwi kwa a Likaka kukulendewera chimanga choyera. Munda wawo unapsanso ngati yathu, koma anali ndi mbewu ya chaka chapitacho imene sanaibzale yonse, poti ankasiyako nthawi zonse. Anthu ankati munthu wanji woyang'ana chakudya pamwamba iye akuwonda? Ena ankati chimangacho ndi chokhwimira, n'chimene chamanga mvula. Amake Estere anasiya kupita kumjigo nthawi imene kuli anthu.

Dalitso wanga anatupa mapazi. Ndinakwera kumtunda masana, ndinagwada pakhomo la khitchini, maso anga ali kutsindwi.

"Abambo, ziwiri zokha. Ndikamuphikire phala mwana."

"Amake Dalitso, icho si chakudya."

"Ndi chimanga, abambo."

"Ndi minda ya mudzi uno. Ndikakupatsani ziwiri, mawa abwera khumi, ndipo onsewo ali ndi ana. Mvula ikadzagwa tidzabzala miyala?"

Amake Estere analira, anawanena mawu amene sindingawalembe pano. A Likaka analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kathumba ka chimanga chachikasu, gawo lawo lonse limene analandira, n'kundiikira pamutu. Ndinachilandira, koma ndinatsika phiri ndili ndi mkwiyo, osathokoza. Ndinamva pambuyo pake kuti masiku otsatirawo nkhalamba ziwirizo zinkadya masamba a chinangwa opanda kanthu, pansi pa chimanga chimene chija.

Mvula yoyamba itagwa, a Likaka anatsitsa zonse. Anakhala pakhonde ndi kapu ya chitsulo, aliyense wobwera ankamutapira, ngakhale aja ankawanena za ufiti. Lamulo linali limodzi, kuti pokolola usankhe zako upachike. Ine sindinapite. Manyazi ndi mkwiyo zinandimanga miyendo. Mbewu ya thandizo imene inabwera chaka chimenecho sinakwanire tonse, dzina langa silinafikidwe. Ndiye ine ndi ena angapo tinachita chimene tinkaona ngati nzeru. Tinati chimanga ndi chimanga, ndipo chachikasuchi njere zake ndi zazikulu, chochokera kwa anthu olemera, chiyenera kubereka koposa. Tinasungako n'kubzala.

Chinamera bwino, ndipo ndinkayenda monyada. Koma chitangofika m'chiuno chinamasula ngayaye, masamba anachita mawanga n'kuyamba kuuma, ndipo tiana take tinali ngati chala. A Gondwe atabwera kudzaona anagwira mutu. Anati chimenecho chinali chakudya, osati mbewu, ndipo kwawo kumene chinachokera dzuwa limayenda mosiyana ndi kuno. Anati pathumba panalembedwa. Panalembedwadi kapena, koma m'Chingerezi.

Tsiku lina m'mawa ndinapeza a Likaka ataima m'munda mwangamo, akutafuna tsamba la chimangacho ngati mbuzi.

"Ichi sichinadikire n'komwe chaka chachiwiri," anatero.

Anatulutsa m'jekete kapu ija, yodzaza, atamanga pakamwa ndi kansalu.

"Ndinakusungirani. Mvula yapita, koma dimba muli nalo. Mukabzale m'mphepete mwa mtsinje, mupeze mbewu ya chaka chamawa. Mwana ali bwanji?"

Apo m'pamene ndinathokoza, mochedwa ndi miyezi isanu.

Ndikanakonda kulemba kuti kuyambira pamenepo tonse tinasunga mbewu ija. Ayi. Zaka zotsatira kunkabwera mbewu ya makono, nthawi zina yaulere, ndipo minda yathu ndi yogundana. Mphepo inakwatitsa chimanga chathu ndi cha anansi, njere zinayamba kufewa, ndipo ambiri tinangoisiya. Inenso ndinaisiya. Mumtima tinkati palibe kanthu, ikafunika ili kwa a Tidzaona. Tsiku la mzungu lija tinkaombera m'manja nkhokwe yathu, imene tinkaganiza kuti singathe.

Ndiye tsiku la maliro, ife amayi a mvano tinalowa m'khitchini muja kukasonkha moto. Zimanga zinali pomwepo, mizere yake yakuda bwino. Amake Tiyamike poimirira anagunda chimodzi ndi mutu. Chinangophwanyika, fumbi loyera linawathira pa duku ndi m'mapewa. Ndinagwira china, chinali chopepuka ngati chisa. China, chimodzimodzi. Makoko okhaokha, m'kati muli ufa ndi tizilombo takuda.

Kachilombo kameneka tinali titakamva kale kumidzi ya kumunsi. Si nankafumbwe wathu wakale amene amaopa utsi ndi makoko. Aka kamaboola ngakhale nsungwi za nkhokwe. Anthu amati kanabwera ndi chimanga cha kunja m'zaka za njala. Ine sindikudziwa, ndipo sindikufuna kunamizira amene anatidyetsa. Koma kale kunalibe.

Amake Estere anali pakhomo, atatsamira mwana wawo.

"Abambo ake Estere anadziwa," anatero. "Kuyambira mwezi wa Julaye. Anati tisatsitse, anthu angataye mtima mvula isanagwe."

M'mawa mwake, titaika maliro, a Gondwe anabwera kuseri kwa nyumba kumene tinkatsuka mbale. Tayi anali atavula. Anakhala pa mtondo wogona n'kupempha kulankhula ndi amake Estere, ife tikumva.

"Mayi, pali chimene madala anandiletsa kunena ali moyo. Mu Ogasiti anabwera kwathu, wapansi, kudzera njira ya kuseri. Mpando anakana. Anati, a Gondwe, mukaseka ndibwerera. Anatulutsa zimanga zitatu m'jekete. Anati pa zonse zija apeza zisanu zokha zamoyo, ndipo zitatuzi ndizitumize kwa mayi wa chipewa uja, ku nyumba yake yozizira."

"Abambo ake Estere?" amake Estere anafunsa. "Anandiuza kuti akupita kuchipatala."

"Ndinawafunsa kuti, madala, ndiye mwawakhulupirira tsopano? Anati ayi, ngakhale pang'ono. Koma wakuba wodziwika kwawo aposa wakuba wogona kutsindwi kwako, chifukwa uyo ungathe kumulondola. Anandiuza kuti pa envulopu ndilembe dzina la amayi awo, osati lawo, ndipo anaima pomwepo mpaka ndinalemba."

"Ndiye zinafika?"

"Ndinakapereka ndekha kumalo a kafukufuku. Anati gawo lina litumizidwa kunja. Kalata yoti zafika sindinalandire."

Amake Estere anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje n'kunena kuti, "Tidzaona." Tinaseka tonse, misozi ili m'masaya, a Gondwe omwe.

Ziwiri zotsalazo zinapezeka m'jekete. Amuna posambitsa thupi anafuna kuwaveka jekete yawo, ndipo Estere popisa m'matumba anapeza kansalu komanga, m'kati muli njere zosakaniza ndi phulusa. Patapita sabata amake Estere anandiitana n'kundiikira kansaluko m'manja.

"Anati zikadzavuta ndipatse inu."

"Ine, amayi? Ine amene ndinataya ija anandipatsa?"

"Anati amake Dalitso anapsa kale ndi chachikasu chija, ndipo wopsa sasewera ndi moto. Koma mubzale m'munda mwawo, kuseri kwa nsungwi, osati kwanu kogundana ndi anthu."

Sabata yomweyo kusukulu kunkagawidwa timatumba ta mbewu ya makono ndi feteleza, thandizo la boma ndi mayiko akunja. Ndinakalandira kanga, ndinathokoza, ndinabzala kwathu, poti ana ayenera kudya. Koma njere za m'kansalu ndinakabzala kumtunda, mizere isanu ndi umodzi, ndikupemphera pa phando lililonse. Zinamera, zinabereka. Ndinaluma njere imodzi, dzino linachita kuwawa. Sindinapachike. Ndinatonola n'kuthira mumtsuko ndi phulusa, pakamwa ndinamata ndi dothi, monga anandilangizira a Gondwe, ndipo sabata iliyonse ndimaika khutu pamtsukopo kumvetsera ngati m'kati muli chokukuta. Mvula ikubwerayi ndiyo chaka chachiwiri. Kalata ya kunja sinafikebe. A Gondwe akuti alembanso.

Dzulo ndinapita kukaona amake Estere. Khitchini ili momwemo, mafuwa atatu, kampando ka a Likaka ka mwendo wothyoka kali pakona pamene ankakhala poyang'ana kumwamba. Makoko aja tinawatentha kutali ndi nyumba. Kutsindwi kwatsala timaluzi tokhatokha, tolendewera m'mizere, ndipo pamene pankakhala chimanga chilichonse mtengo ndi woyererako, poti mwaye sunkafikapo. Munthu ungathe kuwerenga malo ake onse. Amake Estere tsopano amasonkha nkhuni zilizonse, za bulugama zomwe, palibe wowaletsa. Koma ndinaona kuti akamalowa amaweramabe mutu pakhomo, kuopa kugunda chimanga chimene kulibe.

Inu amene mwawerenga izi, mukamagwada muwakumbukire amake Estere, amene maso ayamba kuwavuta, ndi Estere ndi ana ake atatu. Ndipo ngati pemphero lanu lili ndi malo otsala, muikemo mtsuko uja.